Ntchito ioneke pakhoma: mawu kwa achinyamata ogwira makontirakiti ku Balaka ndi Machinga

Mukamayenda pa msewu wochoka ku Balaka kudzera ku Liwonde mpaka ku Ntaja, muziwerenga nyumba zomwe zinaima pa windo. Zina ndi masitolo, zina ndi midadada ya sukulu, zina ndi nyumba zosungiramo mbewu za makopaletivi. Makoma anakwera bwinobwino, kenako ntchito inaima, mvula n'kubwera, udzu n'kumera m'kati. Mukafunsa, yankho limakhala lomwe lija: ndalama zinatha, kapena wina anadya. Kuba kulipo ndithu, sindikukana. Koma ine amene ndakalambira pa ntchito ya zomangamanga m'maboma awiriwa ndikukuuzani, ana anga, kuti zambiri mwa nyumba zimenezi sizinaphedwe ndi wakuba. Zinaphedwa ndi munthu wokhulupirika yemwe ntchito yonse anaisunga m'mutu, osaona kuti chikudikira chinzake n'chiti.

Inu mwatuluka ku makoleji a ntchito zamanja, ena mwalembetsa timakampani tanu ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, ndipo mwayamba kupeza timakontirakiti ta ku khonsolo, ta mipingo, ta mizikiti ndi ta mabungwe. Kumanga mumadziwa, kuwerengera simenti mumadziwa. Chomwe ambiri a inu simunaphunzitsidwe ndi kujambula nthawi kuti izioneka ndi maso.

Chida chake ndi pepala lalikulu kapena bolodi. Kumanzere mumatsitsa mndandanda wa ntchito zonse, imodzi pansi pa inzake. Pamwamba mumandandalika masabata. Kenako pa ntchito iliyonse mumajambula mzere wonenepa woyambira sabata yomwe idzayambe n'kuthera sabata yomwe idzathe. Basi. A ku ofesi amachitcha tchati cha Gantt, potengera dzina la Henry Gantt, injiniya wa ku America amene anachitchukitsa m'zaka za m'ma 1910. Iye asanatero, Karol Adamiecki wa ku Poland anali atakonza kale chofanana nacho mu 1896 pofuna kulongosola ntchito m'mafakitale a zitsulo, koma zolemba zake sizinafale m'mayiko olankhula Chingelezi, dzina n'kupita kwa mnzake. Gantt anamwalira mu 1919, kompyuta kulibe. Choncho amene akukuuzani kuti simungapange tchati chifukwa mulibe laputopu akukunamizani. Chimenechi ndi chida cha pensulo ndi rula kuyambira pachiyambi pake.

Anthu ambiri akayamba kujambula amayambira pa tsiku loyamba ntchito n'kumapita kutsogolo. Inu muziyambira kumapeto. Pezani tsiku lomwe silingasunthe, mulilembe kumanja kwenikweni, kenako muzibwerera m'mbuyo. Kuno kwathu tsiku limeneli simumasankha inu, komanso samasankha mwini ntchito. Imasankha ndi mvula. Ku Balaka kumatentha ndipo mvula imavuta, koma musanyengeke nazo: ikati igwe mu Novembala kapena Disembala imagwa yamphamvu, nthawi zambiri ndi mphepo yosasula madenga. Misewu ya fumbi yolowera m'midzi ya ku Utale, ku Nayuchi kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi Chiuta imasanduka matope, lole ya matani 10 osadutsa. Mchenga womwe munkatapa mosavuta mu mtsinje wa Rivirivi mu Ogasiti umakhala uli pansi pa madzi.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ina ku Ulongwe yakupatsani ntchito yomanga nyumba yosungiramo mbewu, ndipo mwagwirizana kuti pofika pa 31 Okutobala ikhale itafoleredwa. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu mudzaika anu malinga ndi kukula kwa nyumba ndi anthu omwe muli nawo. Kukhoma matabwa a denga ndi malata, masabata awiri. Denga silingakwere lintala isanathiridwe n'kuuma, masabata enanso awiri. Lintala imadikira makoma, masabata anayi. Makoma amadikira maziko ndi silabu, masabata atatu. Maziko amafuna mabuloko, ndipo mabuloko a simenti si chinthu choumba lero n'kumangira mawa: kuumba, kuthirira ndi kuwasiya alimbe, ikani masabata anayi. Kuumba sikungayambe mchenga ndi simenti zisanafike, sabata imodzi. Mukaphatikiza, masabata 16. Bwererani masabata 16 kuchokera pa 31 Okutobala, mufika pa 11 Julayi. Limeneli ndi tsiku lomaliza lomwe lole ya mchenga ingayambe kutuluka popanda chilichonse cholakwika panjira, ndipo palibe ntchito yomwe inayendapo popanda cholakwika. Onjezerani masabata atatu osungira mavuto, mufika pa 20 Juni. Tsono nkhani ya malo kwa amfumu, mapepala a ku khonsolo ndi kusainirana mgwirizano ziyenera kutha mu Meyi.

Mwaona zomwe pepala lachita? Komiti ya kopaletivi ikanakuuzani kuti "tiyamba tikagulitsa nandolo mu Ogasiti," inu mukanavomera ndi mtima woyera, chifukwa m'mutu Okutobala amaoneka ngati ali kutali. Papepala zaonekeratu kuti woyamba mu Ogasiti adzafolera mu Disembala, mvula ili pamutu. Nkhani imeneyi mukuidziwa musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, nthawi yoti mukhoza kukambirana: mwina achepetse nyumba, mwina apeze ndalama yoyambira msanga, mwina ntchito idikire chaka chamawa. Kukana kontirakiti yomwe masiku ake sakukwana si kufooka. Dzina lanu ndi lomwe lidzakhale pa nyumba yosatha ija.

Ntchito zisanu ndi imodzi zomwe ndatchulazi zalumikizana mutu ndi mchira. Imodzi ikachedwa ndi masiku atatu, denga lachedwa ndi masiku atatu, palibe kozembera. Akatswiri a kampani ya DuPont ndi Remington Rand ku America anakonza njira yowerengera mndandanda wotere cha m'ma 1957, ndipo m'mabuku a ku koleji mudzaupeza ndi dzina loti critical path. Inu ingoujambulani ndi cholembera chofiira. Ntchito zina zonse, monga kuwotcherera zitseko ndi mawindo, kukumba chimbudzi, kulambula pabwalo, kupenta chikwangwani, zili ndi mpata: zikhoza kuchedwa sabata imodzi kapena ziwiri osapweteka tsiku lomaliza. Zimenezo jambulani ndi cholembera chakuda. Ubwino wake mudzauona tsiku lomwe ndalama zachepa kapena anthu atatu sanabwere. Kapitawo wopanda tchati amatumiza anthu kulikonse komwe kukuoneka ntchito, kuti bwana akabwera apeze aliyense ali jijirijijiri. Kapitawo wa tchati amachotsa anthu pa mzere wakuda n'kuwapititsa pa wofiira. Ndaonapo malo omwe chimbudzi chinatha mpaka kupentedwa, chikwangwani chili chilili pamsewu, koma nyumba yeniyeni ilibe denga, ndipo aliyense pamalopo anagwira ntchito molimbika tsiku lililonse.

Pali mizere ina yomwe singafupikitsidwe ngakhale mutaonjezera anthu. Makoma mukhoza kuwafulumizitsa poitana amisiri ena awiri. Konkire simungaifulumizitse. Imafuna kuthiriridwa madzi sabata yoyamba yonse, ndipo mphamvu yomwe mainjiniya amawerengera imafika pa masiku 28. M'dzuwa la Okutobala la ku Balaka, konkire yosathirira imang'aluka mukuona. Pa tchati kudikira nakonso ndi ntchito, kuli ndi mzere wakewake, ndipo kumafuna munthu wotunga madzi amene ayenera kulipidwa. Ngati mjigo wapafupi umaphwa m'chilimwe kapena amayi amadzadzapo m'mawa wonse, zimenezo muzidziwe mu Meyi.

Phunziro la chodikira chinzake lili pafupi nafe pompano, ku nkhalango ya Liwonde. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Taganizani ntchito imeneyo itajambulidwa pakhoma. Njovu zimagwidwa banja lonse pamodzi, pozibaya mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, n'kuzinyamula ndi makina kuziika m'malole. Zimenezi zimatheka m'miyezi yozizira komanso youma, pamene nthaka yalimba moti malole olemera satitimira, ndipo nyama yogonekedwa siphedwa ndi kutentha. Nyengo imeneyo ndi yaifupi. Ndipo njovu yoyamba isanakwere lole, ku Nkhotakota kunayenera kukhala kutamangidwa kale mpanda wa malo ozilandirira. Mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde komweko kupita ku Kasungu, ndipo madandaulo omwe anamveka pambuyo pake kuchokera kwa anthu okhala m'malire a nkhalangoyo, kuno ndi ku Zambia, ambiri ankakhudza mpanda womwe unali usanathe. Pa ntchito zanu zing'onozing'ono funso ndi lomwelo: chiyenera kutha n'chiyani ichi chisanayambe?

Tsopano ndikuuzeni zomwe mabuku olembedwa kunja sadzakuuzani. Kalendala ya mu kompyuta imadziwa Loweruka ndi Lamlungu basi. Kalendala ya ku Machinga ili ndi zambiri. Amisiri anu ambiri ndi Asilamu: Lachisanu masana amapita ku Juma, ndipo tsikulo musaike ntchito yothira silabu, yomwe ikayamba siyenera kuima mpaka ithe. Mwezi wa Ramadhan umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho muziyang'ana pomwe wagwera chaka chimenecho. Munthu amene akusala kudya ndi kumwa simungamuwerengere ntchito ya dzuwa lonse. Yambani m'mamawa, muweruke msanga, ndipo mzere wa masabata amenewo muutalikitse. Pa Eid musayembekeze munthu. Mu Ogasiti, ana akatsekera sukulu, kumakhala zinamwali, ndipo bambo amene mwana wake akutuluka ku ndagala sabwera ku ntchito ngakhale mutamuopseza. Mvula yoyamba ikangogwa, aganyu onse amathawira kumunda kukabzala, ndipo akuchita bwino, chifukwa malipiro anu a sabata imodzi sangadyetse banja chaka chonse. Maliro okha ndi omwe alibe tsiku lodziwika, koma tonse tikudziwa kuti m'masabata 16 maliro sangalephere kugwa m'mudzi momwe mukugwiramo ntchito, ndipo mfumu ikalengeza, makasu ndi mafosholo anu omwe amapita kumanda. Masabata atatu aja ntchito yake ndi imeneyi. Musawagawe pang'onopang'ono pa mzere uliwonse, chifukwa mmisiri akadziwa kuti ali ndi masiku apadera amawadya onse. Asungeni pamodzi kumapeto, m'manja mwanu.

Pansi pa tchati siyani malo a mizere iwiri yomwe achinyamata amaiwala: ndalama zolowa ndi ndalama zotuluka, sabata ndi sabata. Makontirakiti ambiri amalipira m'magawo, mwina maziko akatha, makoma akafika pa lintala, denga likakwera. Ndipo tsiku lomwe mwapereka invoisi si tsiku lomwe ndalama zimalowa. Pamafunika wina abwere kudzayendera, wina asaine, wina avomereze, ndipo aliyense wa iwo akhoza kukhala ku msonkhano ku Mangochi. Kudikira malipiro kujambulidwe ngati mzere, ndipo muutalikitse kuposa momwe akulonjezerani. Mukatero mudzaona sabata yomwe muyenera kulipira amisiri ndi kugula malata pamene m'thumba mulibe kanthu. Sabata imeneyo ndi yomwe imaimitsa nyumba pa windo. Mukaiona miyezi iwiri isanafike, muli ndi nthawi yopempha kuti magawo a malipiro asinthidwe, kapena yokambirana ndi mwini hadiweya. Mukaiona itafika, mutsala ndi katapila.

Za mitengo nazo musazinyalanyaze. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anasainira kontirakiti pa mtengo wakale asanagule malata ndi zitsulo anagwira ntchito yaulere kapena kuithawa. Ine ndimati zinthu zodula zomwe siziwonongeka posunga, monga malata, zitsulo ndi misomali, zigulidwe ndalama yoyamba ikangolowa, ngakhale mzere wake uli kumapeto kwa tchati, bola pakhale malo otetezeka ndi mlonda wodalirika. Simenti yokha musaiunjike, imagwira chinyezi n'kuuma m'matumba. Malata oyezera muyeso wa nyumba yanu amaitanitsidwa ku Blantyre ndipo sabwera tsiku lomwelo. Mafuta a galimoto akasowa, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, lole imagona pa mzere ku filing'i siteshoni. Wowotcherera zitseko amadalira magetsi, ndipo mukukumbukira momwe magetsi anavutira namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Chilichonse chochokera kutali kapena chodalira magetsi chikhale ndi mzere wake woitanitsa, woyamba kale kwambiri chisanafunike.

Mukayamba kukhala ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, ina ku Nsanama ina ku Phalula, pamabuka vuto lina. Njanji yochoka pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970 ndipo lero imanyamula malasha a ku Moatize kupita ku doko la Nacala, ndi ya mzere umodzi: sitima ziwiri zimapatukirana pa malo okonzedweratu, pa nthawi yokonzedweratu, apo ayi ina imaima kudikira inzake. Kalipentala wanu wodziwa madenga, makina anu osakanizira konkire ndi lole yomwe mumabwereka zilinso choncho. Pa mzere uliwonse lembani dzina la munthu amene ali mwini wake, munthu mmodzi, osati "amisiri" kapena "komiti." Kenako tsitsani chala pa sabata iliyonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dzina limodzi likapezeka kawiri pa sabata imodzi m'malo awiri otalikirana, tchati chanu chikunama, ndipo mukonze pomwepo.

Kujambula ndi gawo lophweka. Matchati okongola ndawaona ambiri, osindikizidwa ndi mitundu, omatidwa mu fayilo ya tenda kuti a komiti yosankha akopeke, ndipo kontirakiti ikangotuluka palibe amawatsegulanso. Tchati chogwira ntchito chimakhala pakhoma la shedi ya simenti, chodetsedwa ndi zala, chofufutidwa ndi kulembedwanso. Khomani msomali pamwamba, mulendeweretse chingwe chokhala ndi kamwala pa sabata yomwe muli. Lolemba lililonse m'mawa imani pamenepo ndi kapitawo ndi amisiri akuluakulu, mphindi zochepa chabe. Gawo la ntchito lomwe latha lidetsedwe ndi pensulo. Chilichonse chomwe chili kumanzere kwa chingwe koma sichinadetsedwe, chachedwa, ndipo aliyense akuchiona, ngakhale amene sukulu analekeza sitandade 4. Apa ndi pomwe pepala limaposa lipoti lolemba: silifuna Chingelezi.

Ndipo muphunzire kufunsa. Mukafunsa kuti "Zikuyenda bwanji, a kapitawo?" adzakuyankhani kuti "Zikuyenda bwino, bwana, zatsala pang'ono." Sakunama mwadala, mwaulemu wathu, munthu sauza bwana wake nkhani yoipa m'mawa. Koma "zatsala pang'ono" ikhoza kukhala masabata atatu. Funsani zowerengeka: mizere ya mabuloko yatsala ingati kuti tifike pa lintala? Dzulo munamanga ingati? Mabuloko olimba alipo angati pabwalo? Munthu akakuuzani kuti wachedwa, musamukalipire pagulu, chifukwa sabata yotsatira adzakubisirani, ndipo tchati chodzadza ndi zobisa chimapweteka kuposa kukhala opanda tchati. Thokozani, sunthani mzere, muone kuti wofiira wakhudzidwa kapena ayi.

Mwini ntchito naye apatsidwe kope lake tsiku losainirana, ndipo zomwe iye ayenera kuchita zikhalepo ndi dzina lake: kupereka malo, kulipira gawo loyamba, kusankha mtundu wa malata, kubweretsa mchenga ngati anthu a m'mudzi analonjeza kuthandizapo. Pa ntchito za chitukuko, lonjezo loti mudzi ututa mchenga ndi miyala ndi lomwe limachedwa kawirikawiri, ndipo mlandu umagwera kontirakitala. Tsiku lililonse lomwe mwaima chifukwa cha iwo, lembani pa tchati ndi m'kabuku, mujambule ndi foni, mutumize pa WhatsApp kwa wapampando tsiku lomwelo. Si kufuna milandu. Pofika Novembala anthu amaiwala zomwe zinachitika mu Julayi, ndipo pa bwalo la amfumu kapena ku khonsolo wamng'ono amene alibe cholemba ndiye amapezeka wolakwa.

Ndalankhula kwambiri za kumanga chifukwa ndi komwe ndachokera, koma inu ogula thonje ku Balaka, ogula nandolo, kapena opuntha mpunga wa ku sikimu ya Domasi, ntchito yanu ilinso ndi mzere wofiira: chilolezo, ngongole ya ku banki, sikelo zoyesedwa, matumba, mosungira, lole, wogula. Msika ukatsegulidwa inu mukudikirabe ngongole, anzanu amakhala atasesa mbewu yabwino. Amene muli ndi kompyuta, Excel ndi yokwanira, ndipo mapulogalamu apadera mudzawafuna ntchito zikadzafika mazana. Koma ngakhale mutajambulira mu kompyuta, sindikizani kapena kopelani pa pepala lalikulu, chifukwa chomwe chili mu laputopu ya bwana ku Liwonde sichithandiza mmisiri amene ali pa makwerero ku Chikweo.

Ngati muli ndi ntchito yoti ifoleredwe mvula ikubwerayi isanagwe, gulani pepala lalikulu ndi zolembera ziwiri, chofiira ndi chakuda, mukhale pansi ndi kapitawo wanu sabata ino, muyambire pa 31 Okutobala kubwerera m'mbuyo. Masabata akapanda kukwana, pitani mukawauze eni ntchito musanalandire ndalama yawo.